Ngodya Zopanda Mwini

Mundikhululukile polimba mtima kulemba izi. Sindine munthu wa mabuku, ndipo alipo ambili odziwa zomangamanga kuposa ine amene akanafotokoza bwino osazungulila. Sukulu ndinayambila kumudzi kwathu, kudela la Kalindawalo, kumene tinkakhala pansi n'kumalembela pamaondo. Kunyumba anandilela kuti mwana wamkazi akamalankhula ndi wamkulu azigwada, aziyang'ana pansi, ndipo aziyankha kuti inde. Ndalemba chifukwa inde ameneyo anatsala pang'ono kugwetsela denga pa anthu, ndipo nkhaniyi imandilemela ndikaisunga ndekha.

Nditamaliza sekondale ndinapeza malo pa kaofesi kena ku boma la Petauke, kwa bambo wina wachikulile wojambula mapulani a nyumba. Ndinalowa ngati wosesa ndi wolandila alendo. Tsiku lina anandipeza ndikukopela pulani ya sitolo kuseli kwa kalendala yakale, ndipo m'malo mondikalipila anandipatsa pensulo, lula ndi tebulo la kuzenela. Ndinkawatchula aphunzitsi ngakhale sipanali pasukulu. Sanali munthu wolankhulalankhula. Akaona mzele wokhota ankangogogoda papepala ndi chikhadabo n'kupita, ine n'kufufuta mpaka pepala kubooka. Chimene ndinkafuna pa ntchito yonseyo chinali choti munthu ayang'ane pepala langa n'kunena kuti lakongola. Zoti pansi pa mizele imeneyo padzakhala anthu sindinkaziganizila kwenikweni.

M'chaka changa chachiwili kunabwela amalume, mlongo wawo wa amayi, amene amakhala ku Luembe m'boma la Nyimba ndipo ndi mkulu wa mpingo kumeneko. Tchalitchi chawo cha mitengo ndi dothi chinali chitadyedwa ndi chiswe. Anakhala pampando wa alendo, chipewa pabondo, n'kunena kuti amva kuti mwana wa mlongo wawo tsopano ndi injiniya.

"Sindine injiniya, amalume. Ndikungophunzila kujambula."

"Nanga injiniya amatani, amapalila thonje? Utijambulile tchalitchi. Cholowa anthu a midzi inayi, ndi malo oti akwaya azivina osapondana."

Ndinajambula masabata atatu. Aphunzitsi ataona anati kutsogolo kwakongola, koma anandiuza kuti nditenge pepala lina ndijambulepo ngodya imodzi yokha, mokulitsa. Papepala limenelo njelwa za khoma lina zinkalowa m'khoma linzake mzele ndi mzele, monga zala za manja awili zikapingana. Pamwamba pa makoma onse anayi panali lamba wa konkile wokhala ndi zitsulo mkati, wozungulila nyumba yonse osaduka. Anati denga lalikulu chonchi limakankhila makoma kunja, ndipo chowagwila ndi ngodya ndi lambayo basi.

"Pepala ili usangolipeleka," anatelo. "Uwafotokozele pakamwa, aliyense amve."

Ndinapita ku Luembe ndi mapepala awiliwo mu envulopu. Akuluakulu a mpingo anakhala pabenchi pansi pa mkuyu umene uli pabwalo la tchalitchi. Ndinagwada n'kupeleka. Pepala la kutsogolo, lokhala ndi mtanda pamwamba pa chitseko, linayenda m'manja mwa onse. Amayi ena anaimba nthungululu. Amalume ankauza aliyense kuti magazi awo ndi amenewa. Pepala la ngodya linatsala mu envulopu. Ndinaganiza zolitulutsa, koma ndinaona kuti ndikhala ngati ndikuphunzitsa anthu a imvi kuyala njelwa, anthu amene anamanga nyumba zawo ine ndisanabadwe. Ndinangoti, "Mulinso lina mkatimo," chapansipansi, ndipo sindikudziwa ngati alipo anamva.

Kumeneko ntchito ya mpingo amaigawa ndi midzi. Munda wa mpingo mudzi uliwonse uli ndi ndime yake, ndipo ndime ikamela udzu aliyense amadziwa woseka. Tchalitchi anachigawa chimodzimodzi: makoma anayi, midzi inayi. Mudzi uliwonse unaumba njelwa m'chikombole chake, unaotcha uvuni wake, unapeza mmisili wake, n'kubwela kudzamanga nthawi imene ntchito za kumunda zalola. Mudzi wa amalume unatenga khoma la kutsogolo n'kulimaliza mu Ogasiti mpaka pamwamba. A mudzi wa kumtsinje anachedwa ndi thonje, anadzamanga lawo ena onse atatha.

Ndinapita kukaona mu Okutobala, dzuwa likuotcha mpaka m'mapazi. Ndinapeza anthu ambili pamalopo, akunyamula mitengo ya denga. Panali amayi ena ochokela kumudzi wa kumtsinje, mtsogoleli wa gulu la amayi, wamtali, wa mawu aakulu, amene sankaopa kunyogodola amalume.

"Bambo, khoma lanuli munamanga mutamwa thobwa yogonela? Lapendekela, likuyang'ana ku Kacholola."

"Lathu linaima kale pamene inu munali kufunafuna chikombole," anayankha amalume. "Njelwa zanu ngati mabanzi a pamsika, mwana angadye ziwili osakhuta."

Anthu anaseka. Ine ndinali nditaima pangodya pamene makoma awiliwo amakumana. Njelwa za amalume zinali zazikuludi, za kumtsinje zazing'ono, mizele yake sinkakumana paliponse. A kutsogolo anali atadula mapeto a khoma lawo mowongoka bwino ngati chitseko cha kabati, kuti aliyense aone pamene dzanja lawo lathela. A kumtsinje anangofika n'kugunditsa lawo pamenepo, n'kumata mpatawo ndi simenti. Kuyambila pansi mpaka pamwamba panali mzele umodzi woongoka, wopanda njelwa ngakhale imodzi yolowa kwa inzake. Ndinazungulila nyumba yonse. Ngodya zonse zinayi zinali choncho. Pamwamba lamba panalibe.

Ndinawapeza amalume ali pakati pa anthu. Ndinagwada.

"Amalume, nanga lamba wa konkile uja?"

"Lamba ndi wa mudzi uti?" anafunsa akuseka. "Tinamuona papepala la mu envulopu lija, tinakambilana, palibe anati ndi wake. Malata akakhala pamwamba agwila zonse pamodzi. Si choncho, a injiniya?"

Onse anacheuka kundiyang'ana, amisili anayi aja ali pomwepo. Ndinati, "Inde."

M'basi yobwelela ku Petauke ndinadziuza kuti nyumba zambili m'midzi zilibe lamba ndipo zilipobe. Ndinadziuza kuti amisili aja ndi akuluakulu. Aphunzitsi atafunsa kuti ntchito ikuyenda bwanji ndinati ikuyenda bwino, iwo n'kugwedeza mutu n'kupitiliza zawo. Kuyambila tsiku limenelo ntchito inayamba kundisokonekela. Ndinkayamba mzele n'kuiwala kumene ukupita. Mvula yoyamba itagwa mu Novembala, anthu onse m'tauni akusangalala ndi fungo la dothi, ine ndinaima pakhomo la ofesi kuyang'ana mitambo ya kumadzulo, kumene kuli Nyimba, ndikuwelenga masiku otsala kuti Sondo, tsiku la mapemphelo, ifike. Foni ikalila ndikaona kuti ndi amalume, ndinkayamba ndakhala pansi ndisanayankhe. Iwo ankangofuna kundiuza kuti malata akhomedwa, anthu ayamba kupemphelamo, ndipo mwambo wotsegulila udzakhala pa Pasaka.

Pa Khisimasi ndinapita kumeneko ndi amayi. Tchalitchi chinadzaza. Ana amakhala pansi pa mphasa chakukhomo, pafupi ndi ngodya ya khoma la kutsogolo ndi la kumtsinje, kuti wofuna kutuluka asasokoneze akulu. Ine ndinakhala kumbali ya amayi. Pakati pa nyimbo yachiwili ndinakweza maso, ndipo pangodya ija ndinaona kaulusi ka kuwala, kopyapyala ngati tsitsi, kotsika kuchokela kudenga mpaka chapakati pa khoma. Akwaya ankaponda pansi mwamphamvu. Kunja kunawomba mphepo, malata analila, mtanda wa denga unachita phokoso laling'ono limene ndikhulupilila ndinalimva ndekha. Sindinaimbe. Ndinkawelenga mitu ya ana pamphasa paja, n'kusokonezeka, n'kuyambilanso. Amayi anandigwila pachipumi n'kufunsa ngati ndayamba malungo.

Aphunzitsi anandiuzapo njila yodziwila ngati mng'alu wagona kapena ukuyenda. Umatenga kagalasi kopyapyala n'kukamata ndi simenti mbali zonse ziwili, kadutse pamng'alupo. Khoma likasuntha ngakhale pang'ono, galasi limasweka. Tsiku lotsatila masana, anthu ali kuminda, ndinatola chidutswa cha galasi chotsala pamene ankaika mawindo, ndi simenti pang'ono m'chitini, n'kukamata kunja kwa ngodya ija, pokwela pamene ana sangafike. Ndinachita ngati wakuba, ndikucheukacheuka. Ndinabwelela ku Petauke ndikupemphela kuti ndidzalipeze lathunthu, kuti ndisadzayankhule chilichonse kwa aliyense.

Patapita masabata atatu ndinauza aphunzitsi kuti amayi andituma kukapeleka mankhwala kwa amalume. Ndinatsika basi ku Nyimba Loweluka m'mawa, n'kukwela njinga yamoto m'matope mpaka ku Luembe. Sindinayambe ndafika kunyumba. Galasi linali litasweka pakati, zidutswa ziwilizo zitatalikilana. Ndinaika chala pamng'alu, chinalowa.

Kumeneko foni imagwila pamwamba pa chulu china kuseli kwa sukulu. Ndinakwela n'kuimbila aphunzitsi. Ndinanena zonse mosatsata ndondomeko, za pepala limene sindinafotokoze, za ngodya, za inde wanga, za bodza limene ndinawauza iwo. Nditamaliza anayamba kundifunsa.

"Chala chikulowa mpaka pati?"

"Mpaka pamfundo yachiwili, bambo."

"Mailo ndi tsiku lanji?"

"Sondo."

"Mailo asalowemo munthu. Ine ndingafike Lachiwili, msewu ukalola. Mailo amene alipo ndiwe."

Ndinafuna kuwapempha kuti alankhule ndi amalume pafoni pomwepo, koma anali atadula kale. Madzulo ake, tikudya pakhonde, ndinatsegula pakamwa kawili. Amalume ankafotokoza za alendo amene adzabwele pa Pasaka, za mbuzi zimene mudzi uliwonse walonjeza, ndiponso kuti adzandiimika kutsogolo anthu andione. Ndinameza mawu anga pamodzi ndi chakudya.

Sondo m'mawa ana ndiwo amayamba kulowa, kukaphunzila nyimbo akulu asanafike. Ndinafika pabwalo ndikumva kale mawu awo mkati. Akuluakulu anali pabenchi pansi pa mkuyu, akudikila nthawi. Ndinayenda mpaka pamaso pawo n'kugwada. Amalume anandiyang'ana akumwetulila.

"A injiniya, mwadzuka ndi nkhani yanji?"

Mawu anakana kutuluka. Pambali pa benchi panali mulu wa njelwa zotsala. Sindikumbuka kuti ndinaganiza liti, ndinangoona manja anga akuzikoka. Ndili chogwada, mu chitenje changa cha pa Sondo, ndinayala timakoma tiwili togundana, mizele inayi, monga anamangila iwo. Pambali pake ndinayala tina tiwili, njelwa zikulowana pangodya. Anthu anayamba kusonkhana. Wina anati mwana wa m'tauni wabwela kudzasewela masanje.

"Amalume," ndinatelo, mawu ngati a munthu wina, "kankhani apa ndi phazi."

Anakankha monyinyilika. Kakhoma koyamba kanagwa chagada, kanzake n'kutsala kali chiimile. Ndinawalozela kachiwili. Anakankha, njelwa zinagwedezeka koma sizinagwe. Anakankhanso mwamphamvu, kanangosuntha konse pamodzi.

"Tchalitchi chathu chamangidwa ngati kakhoma kagwaka. Ndinaona mu Okutobala. Munandifunsa, ndinati inde. Ndinanama, amalume. Denga likukankha makoma, ndipo ngodya yatseguka. Chonde ana atuluke."

Nkhope ya amalume inasintha. Analankhula motsitsa mawu, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kukuwa.

"Iwe, wasowa malo kunyumba oti undiuzile izi? Nena pano tsono, onse amve. Khoma lolakwa ndi la mudzi uti?"

Ndinadziwa kuti ndikatchula mudzi uliwonse, zokamba zikhala za mudziwo mpaka dzuwa kulowa, ana ali mkati.

"Palibe khoma lolakwa. Onse anayi ndi abwino. Ngodya ndizo sizinamangidwe, chifukwa sizinapatsidwe kwa aliyense."

Oyamba kusuntha anali amayi aja a kumtsinje. Ananyamuka, anakonza duku, n'kupita pangodya ija. Anaika diso pamng'alu nthawi ndithu. Kenako anatembenuka.

"Bambo, bwelani mudzaone. Ine ndikuona ana mkati ndili panja, ndipo si pawindo."

Sanadikile kuti amalume anyamuke. Analowa m'tchalitchi, ndipo tinamva akunena ndi mawu a masiku onse kuti lelo kwatentha, nyimbo tikaimbila pamphepo, wotuluka mothamanga alandila khofi patsaya. Ana anatuluka mmodzimmodzi, ena atanyamula mphasa pamutu. Womaliza atadutsa pakhomo ndinakhala pansi pomwepo pakati pa njelwa.

Tinapemphela pansi pa mkuyu. Chapakati pa ulaliki kunayamba kuwaza mvula, anthu akunyowa nyumba ya malata atsopano ili poteloyo, chitseko chotseka. Ndinkamva kung'ung'udza kumbuyo kwanga. Wina anati sukulu ikachuluka munthu amaopa ndi mthunzi wake womwe. Amalume sanandiyang'ane ngakhale kamodzi. Tchalitchi sichinagwe tsiku limenelo, ngakhale tsiku lotsatila. Ndinadzipeza ndikulakalaka kuti njelwa imodzi yokha igwe kuti andikhulupilile, ndipo ndinachita manyazi ndi mtima umenewo.

Aphunzitsi anafika Lachiwili masana, thalauza lili matope mpaka m'maondo. Anazungulila nyumbayo kawili, analowa okha, anayang'ana m'mwamba, n'kutuluka msanga kuposa mmene analowela. Kwa akuluakulu anangoti zimene wanena mwanayu ndi zoona, ndipo mitengo yochilikiza makoma ifunika lelo lomwe. Anapempha pepala la ngodya. Linapezeka kunyumba kwa amalume, m'Baibulo, lopindidwa bwino. Tili awili ndinayembekeza kuti andichotsa ntchito. Anandipatsa pepalalo m'manja.

"Ntchito yathu sithela patebulo. Mvula ikatha uzikhala kuno mpaka zithe. Kuofesi ndisesa ndekha."

Tsiku lomwelo amuna anadula mitengo kuthengo n'kuchilikiza makoma kunja ndi denga mkati. Mwambo wa Pasaka unalepheleka, ndipo amalume ndiwo anayenda kukauza alendo kuti asabwele. Miyezi imeneyo sankanditchula a injiniya, sankanditchulanso dzina. Akafuna kanthu ankauza akazi awo kuti andiuze.

Ntchito inayamba anthu atakolola. Pamsonkhano anakangana tsiku lonse za mwini wa ngodya, mpaka amayi aja a kumtsinje anati ngodya iliyonse imangidwe ndi midzi iwili imene makoma ake amakumanapo, tsiku limodzi, ndipo wosabwela adzaimbidwa m'nyimbo ya akwaya. Tinkagumula ngodya imodzi, kuimika zitsulo, kuthila mzati wa konkile wolumana ndi makoma onse awili, kudikila kuti uume, kenako kupita pa ina. Pomaliza tinakweza denga pamitengo, tinachotsa mizele iwili ya njelwa pamwamba, ndipo midzi yonse inayi inathila lamba tsiku limodzi, amayi akupatsilana ndowa kuyambila m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Tsiku lililonse ndinkayenela kukaniza munthu wamkulu chinthu. Mchenga wachuluka, bambo. Chitsulo chimenecho chafupika. Musachotse matabwa lelo. Nthawi zonse mtima unkagunda ngati tsiku loyamba lija, ndipo nthawi zina ndinkapita kuseli kwa uvuni kukapuma ndisanakanene. Mantha sanandichoke, mpaka pano ndikadutsa pa nyumba imene ikumangidwa maso anga amathamangila pangodya. Koma kumeneko, ndili ndi simenti m'zikhadabo, ndi kumene ndinadziwa kuti ntchito imeneyi ndikuifuna, ndipo ndinauza aphunzitsi kuti andithandize kupeza malo kusukulu ya zomangamanga ndikaphunzile mokwanila. Anati aona.

Lamba atatha masabata awili, amalume anabwela pamene ndinali kuthila madzi pakonkile. Anaima kanthawi, chipewa m'manja.

"Mwana wa mlongo wanga, mitengo ija tichotse? Anthu atopa ndi mkuyu, mbalame zikuwaipitsila zovala."

Kanali koyamba kulankhula nane mwachindunji kuyambila Januwale. Ndinafunitsitsa kuwasangalatsa. Ndinayang'ana pansi.

"Iyayi, amalume. Masabata ena awili."

Anapuma mwamphamvu, anati ana a masiku ano, n'kuvala chipewa. Koma anapita kukauza anthu kuti adikile.

Tsiku lochotsa mitengo ndinayendela ngodya zonse zinayi ndi dzanja, kuyambila pansi mpaka pamene ndinkafika nditakwela makwelelo. Amuna anachotsa ya kunja, kenako ya mkati umodziumodzi. Ndinawauza kuti wotsiliza, wapakati, aukoke ndi chingwe ali panja. Mtengo unagwa, fumbi linakwela, malata analila kamodzi n'kukhala chete. Tinadikila. Palibe amene anasuntha, ndipo ndinazindikila kuti onse akuyang'ana ine. Ndinalowa ndekha, ndinaima pakati pa nyumbayo, n'kuyang'ana m'mwamba mpaka khosi linawawa. Kenako ndinapita pakhomo n'kuwauza kuti mailo angapemphelemo. Linali Loweluka lomaliza la mwezi wa Julayi.